Mpamba wochokera kunja ndi thukuta la mlimi wa ku Chipangali



Sipatha mwezi tisanamve pa nkhani kuti makampani akunja alonjeza kudzaika mpamba wa madola mamiliyoni akutiakuti m'dziko muno la Zambia, ndi kuti anthu zikwi zakutizakuti alembedwa ntchito. Akatswiri a zachuma ali ndi chifukwa chokondwerera nkhani zotere. Dziko losauka silikhala ndi ndalama zosunga zokwanira kumangira mafakitale ndi kugulira makina, choncho wina akabwera ndi ndalama zake, luso lake ndi msika wake, ntchito imene ikanadikira zaka zambiri imayamba lero lomwe. Zimenezo n'zoona ndipo sindikuzitsutsa. Chimene ndikufuna tiunike limodzi ndi ichi: ndalamayo ikalowa, n'kuzungulira, n'kutulukanso, chimatsala kuno n'chiyani, ndipo chimatsala m'manja mwa yani? Ife a Chigawo cha Kum'mawa tili ndi poyambira poyankha funso limeneli, pakuti takhala tikuchita ndi makampani akunja kwa zaka zoposa 120.

Mu 1895, ku London kunakhazikitsidwa kampani yotchedwa North Charterland Exploration Company. Inatenga chilolezo chimene Carl Wiese, mzungu wa ku Germany wochita malonda a minyanga, ankati anali nacho pa dziko la Inkosi Mpezeni, ndipo inayamba kunena kuti malo okwana masikweya mailosi 10,000 ndi ake. Chimene chinakoka eni kampaniyo ndi mphekesera yakuti pansi pa nthaka ya Angoni pali golide wambiri. Mu Januwale 1898 asilikali a Angelezi anathira nkhondo Angoni, kenako Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo posakhalitsa anamanga Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Golide wochuluka uja sanapezeke. Kampani itaona choncho inatembenukira ku nthaka, n'kuyamba kugulitsa mafamu kwa azungu olima fodya.

Kuti azunguwo apeze malo, makolo athu anakankhidwira m'madera ochepa amene boma la atsamunda linawapatulira m'zaka za m'ma 1920. Cha m'ma 1928 mtengo wa fodya unagwa, ndipo azungu ambiri anasiya mafamu n'kuchoka. Ndiye taganizani, omvera. Mbali ino nthaka yachonde yangokhala, yamera tchire, chifukwa pepala likuti ndi ya kampani. Mbali inayo Achewa ndi Angoni athithikana, akulima munda umodzimodzi chaka ndi chaka mpaka nthaka kuguga ndi kukokoloka. Zinafika poipa moti mu 1941 boma la atsamunda lomwelo linagula malo ambiri a kampaniyo n'kuyamba kusamutsirako anthu. Chipangali ndi limodzi mwa madera amene anthu anasamutsidwirako pofuna kuchepetsa kuthithikana kuja, ndipo katswiri wa za malo, George Kay, analemba za ntchito imeneyi mu 1965. Ena mwa inu amene mukumvetsera, agogo anu anafika kuno mwa njira imeneyo. M'mabuku a ku London, umenewo unali mpamba wolowa m'dziko losauka. Kwa eni nthaka zinali zaka zambiri zosowa polima m'dziko lawo lomwe.

N'chifukwa chake ndikupempha mafumu athu, mwaulemu wonse, kuti nkhani ya malo muziigwira ndi manja awiri. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a makolo asinthidwe n'kukhala a lizi ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Malo akachoka m'manja mwa mfumu mwa njira imeneyo, kuwabwezanso n'kovuta kwambiri, ngakhale wolonjeza fakitale uja atalephera kumanga ndi chimbudzi chomwe.

Sindikunena kuti kampani iliyonse ya lero ndi North Charterland. Kutero kungakhale kunama, ndipo mbiri ya thonje ndi mboni. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma linakhazikitsa Lintco, kampani yake yogula thonje ndi kulichotsa njere. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 Lintco inali itafooka, ndipo ulimi wa thonje unafooka nayo. Mu 1994 inagulitsidwa. Mbali ina inatengedwa ndi Lonrho, ndipo kuno ku Chipata kunabwera Clark Cotton ya ku South Africa. Makampani amenewa anafalitsa njira imene tonse tikuidziwa tsopano: mlimi amalandira mbewu ndi mankhwala opopera pa nkhongole, alangizi a kampani amamuyendera, ndipo pokolola amagulitsa thonje kwa amene anamukongoza, nkhongole n'kudulidwa pomwepo. Dunavant ya ku America italowa m'malo mwa Lonrho, inafika posankha alimi a m'midzi momwemo kuti azigawira anzawo zipangizo ndi kulondola nkhongole, iwo n'kumalandirapo gawo lawo.

Tinene chilungamo. Ndi banki iti ya ku Chipata imene ikanakongoza mayi wamasiye wa kwa Chanje kapena kwa Kapatamoyo, wopanda pepala la munda, wopanda chikole chilichonse? Panalibe. Kampani ya thonje inamukongoza, inamubweretsera msika pafupi ndi mudzi, ndipo inamulipira ndalama m'manja. M'zaka 10 zotsatira, thonje lokololedwa m'Zambia linachuluka kangapo konse. Malata ambiri amene mukuwaona m'midzi yathu, njinga, ng'ombe za pangolo, ana amene anamaliza sekondale, zambiri mwa zimenezi zinachokera ku thonje ndi fodya wolimidwa pa mgwirizano ndi makampani akunja. Amene amakana zimenezi sanakhalepo kumudzi m'mwezi wa Julayi. Ndipo nafenso tili ndi mlandu wathu. Kutenga mankhwala kwa kampani ino, thonje n'kukagulitsa usiku kwa wogula wina amene waonjezerako pang'ono, kunatsala pang'ono kupha ulimi wonse wa thonje kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo amene amalipira kusakhulupirika kumeneko ndi mlimi wokhulupirika, chifukwa kampani imabweza zotayika zake pa mtengo umene imapereka kwa onse.

Koma taonani mmene mayina asinthira pa zipata za mafakitale athu. Clark Cotton inagulidwa ndi Cargill mu 2006, ndipo patapita zaka Cargill nayo inasiya thonje la kuno. Dunavant inagulitsidwa mu 2013 kwa NWK ya ku South Africa mogwirizana ndi Louis Dreyfus. Anthu a ku China anayambitsa Chipata Cotton Company cha m'ma 2003, imene inakula n'kukhala China-Africa Cotton. Akuluakulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo omwewo anatinso mlendo ndi mame. Zonse ziwiri taziona ndi maso. Chigamulo chakuti kampani ikhale kapena ichoke chimapangidwa kutali, poyerekeza phindu la ku Chipata ndi la ku Brazil kapena ku India. Mlimi alibe kochokera n'kupita. Munda wake uli pomwepo, ana ake ali pomwepo.

Chaka cha 2012 chinatiphunzitsa amene amasenza katundu zinthu zikavuta. Mu Marichi 2011 mtengo wa thonje pa msika wa dziko lonse unakwera mpaka kupitirira madola 2 pa paundi imodzi, chinthu chimene sichinaonekepo m'nthawi yathu. Chaka chimenecho alimi a kuno analandira ndalama zoposa K3,000 pa kilo, m'kwacha yakale ija tisanachotse maziro atatu. Aliyense amene anali ndi khasu anabzala thonje. Mu 2012 dziko lathu linakolola matani pafupifupi 275,000, ochuluka kuposa chaka china chilichonse. Koma pomafika nthawi yogulitsa msika wakunja unali utagwa, ndipo mtengo umene unalengezedwa unali K1,600 pa kilo. Munthu anapalira, anapopera, anatola thonje dzuwa lili pamutu, analemba aganyu powerengera mtengo wa chaka chatha, n'kupatsidwa theka. Mkwiyo unali waukulu moti kwina thonje linatenthedwa. Makampani ankanena zoona kuti iwo salamula mtengo wa ku New York. Koma mlimi anabzala mu Disembala osadziwa mtengo, anauzidwa mtengo thonje lili kale m'matumba, ndipo nkhongole yake sinatsike ndi theka ayi. Alimi ambiri anasiya thonje n'kupita ku soya ndi mpendadzuwa, ndipo mpaka lero zokolola za thonje sizinabwererenso pa mlingo wa 2012.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Tikamawerenga mpamba timawerenga madola a kampani okha. Sitiwerenga munda umene banja lapereka, umene ukanabereka chimanga kapena nshawa. Sitiwerenga miyezi ya ntchito ya bambo, mayi ndi ana. Kwa mlimi wa fodya, sitiwerenga nazale imene wathirira ndi ndowa kuyambira mu Seputembala, mitengo ndi udzu zimene wamangira zigafa, nkhuni zimene wadula kuti aumitsire fodya wa Virginia, ngakhale nkhalango imene ikutha chaka ndi chaka m'mapiri athu. Zonsezi zikanaikidwa pa sikelo, zikanaoneka kuti mlimi ndi mnzake wa kampani pa bizinesi imeneyi, ndipo kawirikawiri ndiye waikapo zambiri. Komabe pa tsiku logulitsa, giredi ya belo lake imatchulidwa ndi wina, mtengo umatchulidwa ndi wina, ndipo pepala la mgwirizano limene anadindapo chala linali m'Chingelezi. Mvula ikakana, monga mu 2024 pamene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, amene amataya chaka chathunthu cha moyo wake ndi mlimi.

Chachiwiri chimene chimandiwawa ndi ulendo wa mbewu zathu zikachoka pa shedi. Thonje likafika ku fakitale ya ku Chipata amalichotsa njere, amalimanga m'mabelo, basi ntchito ya kuno yatha. Lambiri limakwera magalimoto kupita kunja. Kupota ulusi, kuluka nsalu, kuinyika mu utoto, kusoka malaya, kumene kumalemba anthu ambiri ntchito ndi kubweretsa ndalama zambiri, kumachitikira kwa eni ake. Tinali ndi fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles. Tinali ndi Mulungushi Textiles ku Kabwe, imene inamangidwa ndi thandizo la China n'kuyamba ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, koma inatsekedwa cha m'ma 2007 n'kukhala zaka zambiri makina ali duu. Mayi amene watola thonje ku Chipangali amavala chitenje choluka kunja, ndipo ana ake amawagulira salaula. Fodya nayenso chimodzimodzi. Makampani monga JTI ndi Alliance One agula fodya wambiri m'chigawo chino, koma wochuluka wakhala akudutsa pa Mwami kupita ku Kanengo, ku Lilongwe, kumene kuli makina omukonzera.

Yerekezani ndi dziko la Bangladesh, limene sililima thonje lokwanira ngakhale pang'ono, koma lili m'gulu la mayiko otsogola pa dziko lonse pogulitsa zovala kunja. Mu 1979 kampani ya kumeneko yotchedwa Desh Garments inagwirizana ndi Daewoo ya ku South Korea. Mgwirizanowo unali ndi mfundo yakuti anthu 130 a ku Bangladesh apite ku Korea akaphunzire ntchito yonse, kuyambira kudula nsalu mpaka kuyendetsa fakitale ndi kupeza ogula. Patapita zaka zochepa mgwirizano unatha, Daewoo inachoka. Koma ambiri mwa anthu 130 aja anakatsegula mafakitale awoawo kapena kukayendetsa a anzawo, ndipo lero ntchito yosoka zovala imadyetsa anthu mamiliyoni m'dzikolo, ambiri mwa iwo amayi. Malipiro kumeneko ndi otsika ndipo ngozi zoopsa zachitikapo m'mafakitale awo, sitibisa. Chimene ndikulozapo n'chakuti kampani yakunja itachoka, luso linatsala m'mitu ya eni dziko. Ife patatha zaka zoposa 30 chigulitsireni Lintco, ndi angati mwa ana a alimi a thonje amene ali ndi fakitale yawoyawo, kapena amene amadziwa kukambirana mtengo ndi wogula wa ku Asia?

Nkhani ya dziko lonse ikufanana ndi ya kwathu kuno. Migodi ya kampani ya boma ya ZCCM itagulitsidwa pofika chaka cha 2000, mtengo wa mkuwa unakwera, ndalama zakunja zinathiridwa ku Kansanshi, ku Lumwana ndi ku Copperbelt, ndipo kwa zaka pafupifupi 10 chuma cha Zambia chinkakula ndi maperesenti oposa 6 pa avareji chaka chilichonse. Mu 2011 World Bank inatichotsa m'gulu la mayiko osaukitsitsa. Koma kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse m'dziko muno, 54 anali osauka, ndipo kumidzi anali pafupifupi 77. Pofika 2022 chiwerengero cha dziko lonse chinakwera kufika pa 60. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mgodi wamakono umagwiritsa ntchito makina akuluakulu ndi anthu ochepa, ndipo zipangizo zake zambiri umagula kunja. Njira yaikulu imene mkuwa wa ku Solwezi ungafikire mwana wa ku Chipangali ndi msonkho, umene umasanduka msewu, chipatala ndi mphunzitsi. Choncho nthawi iliyonse boma likakhululukira kampani msonkho pofuna kuikopa, ife a kumidzi tili ndi ufulu wofunsa kuti tapatsidwa chiyani m'malo mwake.

Wina afunsa kuti nanga bwanji osangolamula makampani kuti amange mafakitale kuno. Lamulo lokha silingamange fakitale. Makina opota ulusi amafuna magetsi osazimazima, ndipo tonse tikukumbukira mdima wa 2024 madzi atachepa ku Kariba. Amafuna misewu yopitika ndi nthawi ya dzinja yomwe, pamene misewu yathu yambiri yochoka mu msewu wa Lundazi kulowa m'midzi imasanduka matope mvula ikangoyamba. Amafuna njira yotsika mtengo yofikira kunyanja. Njanji ya Chipata ndi Mchinji inayambidwa mu 1982, inatsegulidwa mu Ogasiti 2010 m'nthawi ya malemu Rupiah Banda, ndipo imatilumikiza ndi doko la Nacala, koma mpaka pano sinanyamule katundu wochuluka monga tinkayembekezera. Zinthu zimenezi ndi ntchito ya boma lathu ndi misonkho yathu. Kumene kulibe, kampani yakunja imachita chimene chili chapafupi, kugula zosakonza n'kunyamula.

Komabe zilipo zimene sizidikira njanji. Ku Mazabuka, alimi ang'onoang'ono a nzimbe a ku Kaleya, amene ntchito yawo inayamba mu 1981, amagulitsa nzimbe ku Zambia Sugar, ndipo bungwe lawo linafika pokhala ndi masheya m'kampani imene imayendetsa minda yawo. Mlimi wokhala ndi sheya amaona mabuku, ndipo phindu likagawidwa amalandira nawo. Kuno ku Chipata, COMACO imagula nshawa kwa alimi n'kupanga chiponde chimene chimagulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka, umboni wakuti mbewu ya kuno ingathe kukonzedwa konkuno n'kupeza msika. Tili ndi Cotton Board of Zambia, tili ndi Tobacco Board of Zambia, tili ndi Cotton Association of Zambia imene alimi anaikhazikitsa mu 2005. Ndikufuna mabungwe amenewa aumirire zinthu zimene mlimi angazigwire ndi manja. Mtengo wotsikitsitsa, kapena njira yowerengera mtengo, izidziwika mbewu isanalowe m'nthaka. Pepala la mgwirizano lizilembedwa m'Chinyanja, lisonyeze mtengo wa botolo lililonse la mankhwala ndi thumba lililonse la feteleza, ndipo mlimi azitsala ndi lakelake. Pa sikelo ndi pa kutchula giredi pazikhala munthu wosankhidwa ndi alimi, wophunzitsidwa bwino, amene salandira malipiro ku kampani. Chilala chikagwa, pazikhala inshuwalansi kapena mfundo yolembedwa yogawana kutayikako. Kampani yoona mtima sitaya kanthu pa zimenezi, chifukwa mlimi amene akudziwa mtengo wake sathamangira wogula wa usiku.

Ndipo ife eni ake tili ndi kampamba kathu tsopano. Chipangali inakhala boma palokha mu 2018, ndipo mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Sukulu ndi zipatala zikufunika, palibe wotsutsa. Koma inu a makomiti a m'mawadi, inu makhansala, taganiziraninso za nyumba zosungiramo mbewu, makina oswa nshawa ndi makina oyenga mafuta a mpendadzuwa ndi soya, oyendetsedwa ndi makopaletivu amene amasunga mabuku ndi kuwawerenga poyera pamaso pa mamembala. Mlimi amagulitsa motchipa mu Meyi chifukwa alibe posunga ndipo fizi ya mwana ikumudikira. Kopaletivu imene ili ndi matani 500 a soya m'nyumba youma, yoyezedwa bwino, ingathe kudikira mpaka Okutobala, ingathe kuitana ogula atatu n'kuwafunsa mitengo yawo, ndipo kampani yakunja ikafuna kumanga fakitale ya mafuta m'boma lino, ipeza anthu oti ikhale nawo pansi n'kukambirana za masheya, za ana athu amene iwaphunzitse ntchito, ndi za gawo la ntchitoyo limene lizichitikira ku Chipangali konkuno.